Msoko Wokhota wa Bambo a Mipando

Lolemba, 3 Malichi

Atsala masiku 25. Chikalata changa chokhalira m'dziko muno chikutha pa 28, ndipo a ku ofesi ya alendo anena mosapsatira: ndikapanda kupeza wondilemba ntchito woti asaine fomu yawo, ndibwerere kwathu.

Mng'ono wanga akuti ndisade nkhawa. Yemweyu amene ndinkamupukuta mamina, lero ndiye akundiphunzitsa kuwoloka msewu. "Achemwali, dikirani kaye kamunthu kobiriwira kayake!" Wandigwira dzanja ngati mwana. Ndamusiya agwire. Chikhatho chake chakhakhala ndi mankhwala okolopera a kuchipatala kumene amagwira ntchito. Ndili kwathu sanandiuzeko zimenezi pafoni.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kuhotela, ntchito yoyala mabedi. Mayi woyang'anira anandifunsa mafunso asanu m'chiyankhulo cha kuno. Ndinamva awiri. Onse asanu ndinayankha kuti inde. Nditawabwerezera kunyumba mmene ndinawamvera, Mng'ono akuti limodzi linali lakuti, kodi msana umakuvutani? Amuna ake, alamu anga, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Inenso ndinaseka, koma pakamwa pokha.

Lachinayi, 6 Malichi

Kufakitale yolongedza zipatso: kwadzaza. Kochapira zovala: tidzakuimbirani. Zaka 22 ndili pa makina osokera, madiresi a ukwati, mayunifolomu a sukulu, masuti, koma aliyense akufuna pepala. Pepala langa ine ndi zalazi.

Mwana wanga waimba kuchokera kwathu, akuti mayeso ayandikira. "Amayi, mwaipeza?" Ndati yatsala pang'ono. Wati, "Mawu anu akumveka otopa." Mwana ameneyu makutu ake ndi a malemu bambo ake.

Loweruka, 8 Malichi

Alamu anati ndisangokhala m'nyumba, ndikwere basi yawo. Amayendetsa nambala 14. Ndinakhala kumbuyo kwawo, ndipo basi ikaima pa maloboti ankatembenuka n'kundiponyera liwu limodzi la chiyankhulo cha kuno. Singano. Ulusi. Ndikhoza. Pepani. Gogo wina amene anakhala pafupi nane anayamba kundikonza katchulidwe, mpaka anapitirira pamene amatsikira.

Chakumapeto kwa msewu alamu analoza kashopu kena. Mipando yakale pakhomo, kapepala pawindo. "Alamu, mukuona apo? Amakonza masofa. Kale pamakina paja pankakhala mayi wina, koma chiyambire miyezi yozizira sindinawaonenso. Kapepalako kakuti akufuna wosoka."

Ndati mumadziwa bwanji zonsezi? Akuti, "Ndimadutsa pano kasanu ndi kawiri pa tsiku. Ndimadziwa ndi agalu omwe."

Lamulungu, 9 Malichi

Kuyeserera. Alamu anavala magalasi a mkazi wawo, n'kukhala pa mpando miyendo itapingasa, akuti iwo ndi bwana. Funso lililonse ndikalakwitsa, "Wotsatira!" Mng'ono akundiluka tsitsi uku akuwakalipira kuti akundiopseza. Amakoka tsitsi ngati mmene ndinkamukokera iye kale. Ndikuganiza kuti akubwezera.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndaononga zonse.

Shopu ndi yaing'ono, fungo la guluu ndi fumbi la siponji. Masipuling'i m'chidebe, mipando yovula nsalu itasanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake ndi bambo wamkulu, wamtali, ndevu zoyera, apuloni yachikopa. Ndikuwatcha Bambo a Mipando. Sanafunse pepala. Anangoloza makina, n'kundipatsa nsalu ndi zipi. Makina aakulu, amagetsi, othamanga ngati apsa mtima. Mzere woyamba anandithawa. Wachiwiri tinamvana. Ndinasoka khushoni yonse, iwo anaitembenuza, kuikoka m'makona, n'kugwedeza mutu kamodzi. Mtima wanga myaa.

Kenako anatuluka kukalandira katundu pagalimoto. Patebulo panali nsalu yofewa yobiriwira yovekera mpando, yosoka kale. Msoko wake wokhota ngati njira ya woledzera. Ndinayang'ana kumbali. Ndinayang'ananso. Zala zinayamba kuyabwa. Mmene ndimazindikira, ndinali nditamasula msoko wonse n'kuusokanso mowongoka.

Atabwera anaima chilili. Anainyamula nsaluyo, nkhope n'kufiira mpaka m'makutu. Anayankhula mawu ambiri, ine ndinatolapo awiri okha: "wanga" ndi "ndani". Anatsegula chitseko. Ndinatuluka. "Pepani" uja ndinaphunzira m'basi anandithawa m'mutu.

Ndili m'basi ndinakumbukira kuti sizasi yanga ndaisiya patebulo. Imene ndinabwera nayo kuchokera kwathu.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindinadzuke pasofa. Mng'ono asanapite kuntchito anandiimirira kumutu. "Achemwali, kuno si pakhonde panu paja. Chinthu cha mwini osachigwira asanakuuzeni, ngakhale chikhote bwanji." Ndinamuyankha kuti ndinayamba kusoka iye asanamere mano. Anatuluka osatsanzika.

Patapita kanthawi ndinamva kiyi. Wabwerera, akuti waiwala ambulera, kunja kuli dzuwa. Anavula nsapato n'kudzipanikiza pasofa kumbuyo kwanga, mphuno yake pamsana panga ngati kale mvula ikamagunda. Wachedwa kuntchito chifukwa cha ine.

Masiku 16.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinapita kukatenga sizasi. Alamu anandilembera mawu opepesa pakapepala, zilembo zikuluzikulu. Fomu ndinaiika m'chikwama, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani.

Ndisanalowe ndinasuzumira pawindo. Bambo a Mipando anali pamakina, akuyesa kulowetsa ulusi pasingano. Dzanja likunjenjemera. Ndinawerenga: kasanu, ulusi ukungophonya. Anavula magalasi n'kukhala duu. Ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba.

Ndinagogoda, ndinalowa, ndinawerenga kapepala kanga. Ndikudziwa kuti ndinakaphotchola, chifukwa ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono. Anatsegula kabati n'kutulutsa sizasi yanga atayikulunga m'kansalu. Ainola. Ikudula ngati yatsopano.

Kenako analoza chithunzi chapakhoma chimene Lachiwiri sindinachione: mayi wamtali akuseka, atakhala pamakina omwewa. "Mkazi wanga." Mawu amenewo ndimawadziwa. Zinazo anandiuza ndi manja. Iwo matabwa ndi masipuling'i, mayiwo nsalu. Zala zonse khumi, kanayi: zaka 40. Kenako anatsekula chikhatho, chopanda kanthu. Analoza nsalu yobiriwira ija, n'kudziloza pachifuwa, n'kukweza chala chimodzi. Unali msoko wawo woyamba chimwalirire mayiwo. Ndipo ine ndinabwera n'kuumasula ngati chinyalala.

Ndinalibe mawu okwanira. Ndinangoti "mwamuna wanga," n'kutsekula chikhatho changa chimodzimodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ulusi unali ukulendewerabe. Ulendo uno sindinaugwire. Ndinatambasula dzanja n'kudikira. Anazengereza, kenako anandipatsa okha. Unalowa kamodzi.

Pochoka ndinalimba mtima, ndinaika fomu patebulo. Anaiwerenga mbali zonse ziwiri, anaipinda, anaiika m'thumba la apuloni. Anati, "Lolemba." Basi.

Loweruka, 15 Malichi

"Lolemba" wake uti? Alamu akuti ndiye kuti inde, ayamba kale kunditcha abwana. Mng'ono akuti tisavine kaye. Ine ndasita bulauzi kawiri.

Lolemba, 17 Malichi

Ndikulemba ndili pakhomo la shopu, nthawi ya nkhomaliro, pa mpando wa miyendo itatu.

Ndinafika molawirira kwambiri, koma ndinapeza atatsegula kale. Sanandipatse moni wambiri. Anangoloza makina ndi chibwano n'kupitiriza kukhoma misomali, atandifulatira. Fomu inali pamakinapo, atayitsindika ndi kachitini ka mapini. Yosaina. Dzina lawo lakwera ndi kutsika, penapake cholembera chinaboola pepala, koma lilipo lonse, ndi chidindo cha shopu pambali.

Ndinakhala pamakina. Ndipamene phazi langa linagunda chinthu chachilendo. Pachopondera cha makina akhomerapo kathabwa kochindikala, kosalala, kopala bwino m'mbali. Utuchi unali udakali pansi. Makinawa anaikidwa molingana ndi mayi wamtali, ndipo ine tsiku lija ndinkachita kunyanyamphira ndi chala chachikulu kuti ndifikire. Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti sanaone.

Ndinapondapo. Phazi lonse linakhala bwinobwino. Makina analira, ndipo kumbuyo kwanga hamala inasiya kaye kugogoda, kenako inayambiranso.

Tamaliza mipando itatu. Andiphunzitsa liwu lotanthauza "pang'onopang'ono", ndipo alinena kasanu ndi kamodzi. Tiyi wawo ndi woipa kwambiri. Ndamwa yense.

Mng'ono waimba katatu. Ndamulembera mawu awiri okha: Ndili pantchito.

Bambo a Mipando akundiitana. Kwabwera munthu ndi sofa yong'ambika pamsana.