Fomu ya a Tafika ndi Ulendo wa Kuphiri

KOMITI YOSAMALIRA OGWIRA NTCHITO PA CHIPATALA
Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti
Malo: Chipinda chomwera tiyi, kuseri kwa famase
Nthawi yoyambira: 12:40 masana

Opezeka: Wapampando (dokotala wa ku wodi ya abambo), Sisitala Wamkulu, Wakufamase, Wakulabu, Mlembi (wosunga mafayilo a odwala)
Wopepesa: Mzamba, anali ndi mayi wobereka
Woitanidwa: a Tafika, dalaivala wa ambulansi. Tonse timawatchula choncho chifukwa ndi mawu amene amanena akangozimitsa injini.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, kenako anapempha kuti chitseko chikhomedwe. Anati zolembedwa za lero zisapachikidwe pa bolodi monga timachitira nthawi zonse, koma zisungidwe m'kabati yokhoma pamodzi ndi mafayilo a odwala. Palibe anafunsa chifukwa chake, zimene si khalidwe la komiti ino.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga zimene tinagwirizana masabata asanu ndi limodzi apitawo. A Tafika akupuma pantchito kumapeto kwa Okutobala atayendetsa ambulansi zaka 31, ndipo komiti inaganiza zowatsanzika ndi ulendo. Panali maulendo awiri oti tisankhepo. Woyamba unali wa masiku anayi kukaona nyama zakutchire tili m'galimoto. Wachiwiri unali wa masiku asanu ndi limodzi kukwera phiri lalitali ndi otsogolera njira, kugona m'matenti, kenako masiku awiri kukaona nyama. Atafunsidwa maganizo awo tsiku limenelo, a Tafika anati moyo wawo wonse akhala akutidikira m'galimoto panja pa zipatala za eni, ndipo akufuna kamodzi kokha kukaima pamwamba pa mitambo ndi miyendo yawo. Mamembala onse anavotera ulendo wachiwiri, ndipo kunawombedwa m'manja.

Wakulabu anapempha kuti mawu oti "kunawombedwa m'manja" afufutidwe. Mlembi anakana, poti m'manja munawombedwadi, ndipo Wakulabu anawomba ataimirira. Zolembedwazo zinavomerezedwa mmene zilili.

3. Fomu ya zaumoyo

Wapampando anafotokoza kuti kampani yotsogolera ulendo yatumiza mafomu. Aliyense wokwera phirilo ayenera kupimidwa ndi dokotala, dokotalayo n'kusayina kuti mtima ndi mapapo zili bwino, chifukwa kumtunda mpweya ndi wochepa. Anati asayina mafomu a ogwira ntchito khumi ndi anayi, yatsala imodzi. Anaiika patebulo. Inali ya a Tafika. Anati sangaisayine, ndipo chifukwa chake sangachinene.

Kenako Sisitala Wamkulu anafunsa kuti, "Adokotala, mwadziwa liti?"

Wapampando anati, "Ndadziwa chiyani?"

"Chimene simungachinenecho."

Wapampando anayankha kuti m'mwezi wa Marichi. Sisitala Wamkulu anati iwo anadziwa mu Febuluwale, poti ndi amene anawayeza BP a Tafika n'kuwamata mawaya a makina ojambula mtima pachifuwa. Wakufamase, akuyang'ana m'kapu, anati amawapatsa mapiritsi a mtima mwezi ndi mwezi, m'envelopu yosalemba dzina, kudzera pa windo lakuseri. Wakulabu anati magazi awo anawayeza okha Lamlungu, mulabu mulibe wina aliyense. Mlembi nayenso anaulula kuti fayilo ya a Tafika imakhala m'dirowa yake, osati pa shelefu ndi zinazo. Aliyense wa ife anapemphedwa ndi mwiniwake kuti asauze mnzake, ndipo aliyense ankadziona ngati ndi yekha amene akudziwa.

Wapampando anamveketsa kuti matendawo sawaletsa a Tafika kuyendetsa galimoto malinga akumwa mankhwala, koma phirilo likhoza kuwapha tsiku lachitatu lisanathe.

Sisitala Wamkulu anafunsa kuti nanga anthu asanu odziwa zimenezi anakweza bwanji manja tsiku lovota lija. Wakufamase anati, "Ine nditaona adokotala akweza, ndinati basi, ndiye kuti palibe vuto. Ine wowerenga mapiritsi ndingatsutse dokotala?" Wapampando anati iwo anakweza omaliza ataona manja a anzawo onse ali kale m'mwamba, ndipo ankayembekezera kuti kampaniyo iwakana a Tafika chifukwa cha zaka. Wakufamase anati sizoona, dzanja la Wapampando linali lachiwiri. Anapempha Mlembi kuti aone m'buku. Mlembi anati salemba kuti dzanja la ndani layamba, ndipo lero akuthokoza Mulungu kuti salemba.

Wakulabu anati komiti isadziimbe mlandu kwambiri. Anati akanatsutsa tsiku lija, anthu akanafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo chinsinsi cha wodwala chikanatayika pamaso pa mwiniwake. Anakumbutsa kuti tonse tinalumbira. Sisitala Wamkulu anayankha kuti, "Tinalumbira kuti sitidzauza ena. Ndani analumbira kuti sadzauza wodwalayo? Masabata sikisi onsewa, ndani wa ife anapita kugalaja kukakhala nawo pansi?" Kenako anawonjezera kuti iwonso sanapiteko.

Zinanenedwanso kuti m'mawa uliwonse a Tafika akhala akukonzekera ulendowu pokwera masitepe mpaka nsanjika yachinayi, atabereka chikwama. Wakufamase anavomera kuti mabotolo a madzi olemeretsa chikwamacho anachokera kwa iwo. Mlembi amawaona pa windo la ofesi yake, ndipo tsiku lina anawafuulira kuti, "Limbani, madala!" Mlembi akulemba zimenezi ndi manyazi aakulu.

Wakulabu anapereka ganizo loti a Tafika auzidwe kuti kampaniyo yakana onse opitirira zaka 60. Ganizoli linagwa Sisitala Wamkulu atakumbutsa kuti iwo ndi aakulu kwa a Tafika ndi chaka chimodzi, ndipo fomu yawo yasayinidwa kale. Wakufamase anati tiname kuti kuphiriko kwayamba mvula. Wapampando anati mabodza akwana. Komiti inagwirizana kuti a Tafika aitanidwe pompano, ndipo Wapampando ndi amene alankhule.

4. Kukambirana ndi a Tafika

Mlembi anakawapeza akutsuka ambulansi. Analowa atapinda mikono ya malaya, manja ali onyowa, ndipo anakana mpando. Wapampando anayamba kufotokoza za kuchepa kwa mpweya kumtunda ndi mmene magazi amayendera, akuzungulira ngati akuphunzitsa ana asukulu. A Tafika anawadula mwaulemu.

Anati, "Adokotala, ine ndanyamula odwala zaka zambiri. Ndikaona anthu a yunifolomu akhoma chitseko, ndimadziwa kuti nkhani si yabwino. Tangonenani."

Wapampando ananena. Anati fomuyo sangaisayine, ndipo phirilo a Tafika sangakwere, kaya chaka chino kaya chaka china. Apa m'pamene a Tafika anakhala pansi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa ngati tonse tikudziwa za mtima wawo. Sisitala Wamkulu anati inde, aliyense payekha, ndipo tadziwana lero lomwe. Anafunsanso ngati tinkadziwa kale tsiku lovota lija. Wapampando anati inde.

A Tafika anapempha kuti mawu awo alembedwe mmene awanenera, ndipo Mlembi wayesetsa.

Anati, "Tsiku lija ine ndinali ndi mantha. Ndikunena za mitambo zija, mumtima ndinkati, pano pali adokotala, pali a Sisitala, pali ondipatsa mankhwala. Mmodzi yekha akangopukusa mutu, ndinena kuti ndimaseka, tiyeni kunyama. Ndinayang'ana nkhope zanu. Nditaona manja onse m'mwamba ndinati, kani mtima wangawu si woipa kwenikweni. Ndinapita kunyumba ndikuimba muluzi. Mayi akunyumba anandiletsa, ine n'kuwakalipira kuti inu mumadziwa kuposa madokotala?"

Anapitiriza kuti pa masitepe paja, akafika nsanjika yachitatu, pachifuwa pamawathina ngati wina wawakhalira, ndipo amakhala pansi kaye mpaka zidutse. Ankaganiza kuti ndi ulesi chabe, poti akatswiri anavomereza. Wapampando anafunsa kuti zachitika kangati. A Tafika anati pafupifupi m'mawa uliwonse sabata ziwiri zapitazi. Wapampando anavula magalasi n'kubisa nkhope m'manja.

Sisitala Wamkulu anapepesa m'malo mwa komiti. Wakufamase anati, "Achimwene, tikhululukireni, tinachita zopusa." Wakulabu anayamba kunena za malamulo a chinsinsi, kenako anasiya okha. A Tafika anati iwonso ali ndi mbali yawo, poti ndi amene anatimanga pakamwa mmodzimmodzi. Koma anati anatiletsa kuuzana, sanatiletse kuwauza iwowo. Anati aona kangati ife tikuuza mlendo wongobwera kumene zoona zowawa pamaso, osaphethira n'komwe, koma munthu wathu tamulephera.

5. Chigamulo cha ulendo

Sisitala Wamkulu anapereka ganizo loti phiri lisiyidwe, gulu lonse lipite kukaona nyama basi. Mamembala onse anagwirizana nazo mwachangu. A Tafika anakana. Anati chipatala chonse chikudziwa za phirili, ndipo anthu khumi ndi anayi akhala akuthamanga m'mawa uliwonse. Likangosiyidwa, aliyense afunsa chifukwa, ndipo pofika madzulo mtima wawo ukhala ukukambidwa kochapira zovala. Anati safuna kumaliza miyezi yawo iwiri anthu akuwalanda makiyi m'manja n'kumawafunsa kuti mwadzuka bwanji ndi mawu a pamaliro.

Anati, "Chinsinsi changa mwachisunga mpaka kutsala pang'ono kundipha nacho. Ndiye chisungeni ndithu. Inu kakwereni. Ine ndikatsala m'munsi ndi basi yathu ya paulendo, ndidzanena kuti dalaivala waganyu sindimukhulupirira. Anthu amandidziwa, akhulupirira."

Wapampando anati cholinga chonse cha ulendowu chinali choti a Tafika asadikirenso aliyense m'galimoto. A Tafika anati masiku sikisi si kanthu, ntchitoyo amaidziwa.

Komiti inavomereza izi:
(a) Ulendo ukhala mmene unakonzedwera. A Tafika akatsala pa nyumba ya alendo m'munsi mwa phiri, ndipo akalowa m'gulu pokaona nyama.
(b) Kukwera masitepe kwatha lero. Mawa 7:30 m'mawa Wapampando awapimanso mtima.
(c) Pa bolodi palembedwe kuti, "Dalaivala adzatsala ndi basi." Mlembi asawonjezere liwu.
(d) Wapampando ndi Sisitala Wamkulu apita kunyumba kwa a Tafika Loweruka kukauza mayi akunyumba kuti mayiwo ndi amene ankanena zoona. A Tafika analola, koma anachenjeza kuti apite atadya, chifukwa sakalandiridwa bwino.

6. Zina ndi zina

Wapampando atafunsa ngati pali zina, a Tafika anapempha kuti tiwadikire pang'ono. Anatuluka n'kubwerera ndi katoni imene amaisunga pansi pa mpando wa ambulansi. Munali jombo zatsopano zokwerera mapiri. Anati mwana wawo wamkazi anawatumizira sabata yatha, ndi kakalata koti akajambulitse atazivala pamwamba penipeni. Anazivala kamodzi kokha, m'chipinda, pa mkeka, kuopa kuzidetsa kunsi. Anati ndi saizi 9, ndipo anafunsa ngati alipo amene zingamukwane.

Tonse tikudziwa amene amavala saizi 9, poti nsapato za ku fiyeta, kochitira opaleshoni, zimalembedwa maina. Tinatembenukira kwa Wapampando, iwo n'kuyang'ana patebulo. A Tafika anakankhira katoniyo kwa iwo n'kunena kuti, "Muyambe kuzivala panopa, adokotala, zimaluma zikakhala zatsopano. Mukakafika, mukajambule mapazi okha. Mwanayo ndikamuuza ndekha ndikapeza mphamvu, koma chithunzicho ndikuchifuna ndine."

Foni ya a Tafika inalira. Kunali wodwala woti akatengedwe, ndipo anatuluka akutsitsa mikono ya malaya.

7. Msonkhano wotsatira

Lachinayi, 28 Ogasiti, malo omwewa. Mzamba auzidwe za mfundo 5(c) yokha.

8. Kutseka

Msonkhano unatha 1:55 masana. Wapampando anapempha wina kuti atseke ndi pemphero, koma palibe anadzipereka, ndipo tinabalalika choncho. Wapampando anatuluka omaliza, katoni ili m'khwapa.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________