Masitepe Opanda Mzati

Lolemba, 3 Juni

Kanyali kofiira kayaka, ndiye kuti yayamba kumva. Chabwino.

Foni iyi wandigulira ndi Nesi. Akuti ndizilankhula, iyo izisunga mawu, chifukwa ndayamba kuiwala. Ine kuiwala! Munthu woti ndingatchule nyumba iliyonse imene ndinamanga, ndi mwini wake amene ankaumira simenti. Sukulu ndinaisiyira panjira, cholembera chimandithawa m'manja, choncho ndizinena pang'onopang'ono kuti pasasowe liwu. Izi ndi zanga ndekha. Womvetsera mobisa, zake zimenezo.

Ndiyambe ndi ana, tione ngati ndaiwaladi.

Chisamba, wamwamuna. Sitolo ya zipangizo zomangira, antchito ake, galimoto yake. Mimba nayonso yake, sanabwereke kwa munthu. Wachiwiri, Nesi. Amabaya anthu jakisoni, iwo n'kumathokoza. Wachitatu timangomuti Aphunzitsi. Akalowa m'kalasi ana a eni amaimirira. Ake awiri kunyumba samumvera, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kenako Mzime, wamkazi. Mayeso anakhoza kuposa onsewa. Lero ali m'chipinda chakumbuyo m'nyumba mwanga muno, makatani otseka, akujambula ketulo yolankhula. Makatuni. Akuti filimu yoonera banja lonse. Anthu akandifunsa kuti nanga wotsirizayo amatani, ndimati ali pa kompyuta. Amagwedeza mutu mwaulemu. Kompyuta imabisa manyazi ambiri.

Lachitatu, 5 Juni

Chisamba anabwera masana. Anakhala pampando wanga osafunsa. Nkhani yake: kusitolo pakauntala pakufunika munthu, malowo awasunga mpaka kutha kwa mwezi. Mlongo wake asiye zidole, akayambe ntchito ya anthu. Akuti, "Mawu anu ndi omaliza, Bambo." Mawu anga amakhala omaliza pamene iye akufuna ndibwereze zimene wanena kale.

Mzime anamva zonse, khoma lija ndi lopyapyala. Anatuluka maso ali psuu. Akuti, "Bambo ayambe aonera. Akati ndi zachabe, ndikakhala pakauntala, sindidzajambulanso." Ananena yekha, palibe anamukakamiza.

Ndiye ine woweruza, ukalamba uno. Bondo likupweteka, mpopi wa kukhitchini ukudontha, palibe akuuona. Koma ketulo yolankhula, msonkhano.

Lachinayi, 6 Juni

Ndaonera. Ndekha pabalaza, magalasi pamphuno. Mzime analumikiza pa TV n'kuthawira panja, ngati munthu amene wayatsa tchire.

Zimene ndaona. Kamtsikana, mutu ngati dzungu, khosi ngati machesi. Khosi limenelo kusenza mutu umenewo? Kamakhala ndi bambo ake, nkhalamba yolongolola yoyenda ndi levulo yoyezera khoma m'thumba. Sindikudziwa anaitengera kuti. Ndi yokhayo yanzeru m'filimu monse. Mayi mulibe, mwina wojambula anatopa.

Ketulo imalankhula, tsache limavina. Ndinapirira. Mphaka wovala nsapato. Ndinapirirabe.

Nyumba yawo: denga lopanda mtanda. Chitseko chachifupi kuposa nkhalambayo, koma imalowa osawerama. Ndinaimitsa filimu, ndinayeza ndi tepi pagalasi pomwepo. Chachifupi. Anthu akudya kuyambira poyamba, chimbudzi palibe. Kaya amasungira kuti.

Kenako zenizeni. Kamtsikana katenga thawulo ndi zopanira zovala, kakupana thawulo m'malere. M'malere! Thawulo n'kuima. Kakupondapo, kakupana lina pamwamba pake, kakukwera. Masitepe a mathawulo, kulunjika kumitambo. Mzati palibe, khoma palibe, chingwe palibe. Kapana pa chiyani? Pamenepo ndinathimitsa. Moyo wanga wonse m'ngalande, kukumba maziko kuti anthu asagwe. Mwana wobala ndekha akukweza mwana wa eni pa thawulo.

Ndinamuitana, ndinamuuza zonse, chimodzichimodzi, mwaulemu. Mwina ndinaseka pang'ono pa za chimbudzi. Anangofunsa kuti, "Mwaonera mpaka kumapeto?" Ndinati nyumba yopindika suchita kukwera padenga kuti uidziwe.

Sanadye.

Lamlungu, 9 Juni

Aphunzitsi anadzandiona. Ndinawafotokozera za mathawulo. Akuti, "Bambo, ana safuna zoona, amafuna zokoma." Amenewa ndiye tawapatsa ana a dziko lonse kuti awaphunzitse. Tili pabwino.

Ine sindikana bodza. Ndagwira ntchito ndi anthu abodza ambiri, ena amisiri pa bodzalo. Koma bodza nalonso limafuna maziko. Ukati ketulo imalankhula, undiuze lilime ili nalo kuti. Ukati thawulo laima, undionetse chaligwira. Apo ayi mtima sukhazikika, umangodikira kuti mwanayo agwa liti. Munthu angasangalale bwanji atagwira mpweya?

Aphunzitsi akuti ana awo anaionera kale kangapo pa kompyuta ya azakhali awo, ndipo amaiimba nyimbo yake posamba. Ana omwewo amadya sopo ukawasiya okha. Umboni wake umenewo.

Nesi pafoni: ndisamakwiye, magazi athamanga. Ndani wakwiya? Ine ndikungothandiza.

Chipinda chakumbuyo chotseka. Mbale amazisiya pakhomo ngati kuchipatala.

Lachisanu, 14 Juni

Mzime watuluka. Wachepa nkhope. Akuti, "Ndakonza zonse munanena, Bambo. Tsopano ndi yoona."

Mwaona? Mawu a akulu amakoma akagonera. Ndinamuuza kuti tionera mawa, adzukulu akabwera, aone kusiyana kwa ntchito ya mmisiri ndi masewera.

Chimodzi chokha. Pakhomo la chipinda chake pali makatoni. Mapepala ake ojambula, aja anadzaza khoma lonse, wawachotsa. Khoma lili mbee, mabowo a misomali okhaokha. Ndipo Chisamba watumiza malaya a kusitolo, abuluu, olembedwa dzina la sitolo pamsana. Ali pampando, m'pulasitiki. Ine sindinaweruze kanthu. Anthu akuthamangira kuti?

Loweruka, 15 Juni

Taonera yokonzedwayo. Ine, adzukulu awiri, Mzime ataima pakhomo manja kumbuyo.

Ntchito yabwino, ndinene zoona. Denga lili ndi mtanda. Chitseko chatalika. Chimbudzi kuseri, cha mpweya wabwino, chitseko chake chotsekeka. Khosi la kamtsikana lanenepa. Mphaka wopanda nsapato, akugona, monga amachitira amphaka. Ketulo ili pamoto. Yangokhala. Tinaiyang'ana, iyo osanena kanthu. Inawira. Inaleka.

Kamtsikana katuluka ndi thawulo, kapana m'malere, thawulo lagwa. Kapananso, lagwanso. Katola, kakung'untha fumbi, kalowa m'nyumba. Kakhala pazenera. Nkhalamba ikuyeza khoma ndi levulo, khoma lili bwino. Basi, yatha.

Zonse zoona. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndinayasamula mpaka nsagwada kulira.

Wamng'ono anachoka ketulo isanawire, anakasewera ndi madzi a pampopi wodontha uja. Wamkulu, wamkaziyo, anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Akuti, "Agogo, ndinu mwagwetsa thawulo? Ndiye akawapeza bwanji amayi ake?"

Amayi ake ati? Ndinatembenuka kuti ndifunse. Pakhomo panalibe munthu.

Lolemba, 17 Juni

Mzime wapita kusitolo m'mawa. Akuti kukangophunzira makina a pakauntala. Malaya abuluu aakulu, mapewa akulendewera. Anandipatsa moni ngati mlendo, "Tapita, Bambo." Chisamba waimba foni, mawu onona: "Mwagwira ntchito, Bambo." Ntchito yanji? Ine ndinangonena za chitseko.

M'nyumba zii. Kale kuchipinda chakumbuyo kunkamveka iye akuyesa mawu a ketulo, kenako a tsache, kenako kuseka yekha ngati wozungulira mutu. Ndinkadandaula. Lero mtendere umene ndinkaufuna. Wokoma kwambiri. Ndakhala ndikuumvetsera tsiku lonse, pamodzi ndi mpopi.

Ndinayesa kuyatsa TV kuti ndipeze yoyamba ija. Mabatani ambirimbiri. Ndinapeza anthu akugulitsa mafiriji.

Ndinaika ketulo pamoto. Ndinadzipeza ndikuiyang'ana.

Lachitatu, 19 Juni

Dzulo sindinalankhule m'fonimu. Panalibe choti ndinene.

Lero Mzime atabwera kuchokera kuntchito ndinamuuza kuti andiikire yoyamba ija, ndikufuna kuyezanso chitseko. Anandiyang'ana. Tepi inali m'manja, umboni. Analumikiza, n'kupita kukachapa malaya abuluu aja.

Chitseko chikadali chachifupi. Chimbudzi kulibe. Ketulo ikubwebweta, ndipo ndivomere, penapake inanena za nkhalamba ija zimene zinandiseketsa. Pang'ono. M'mphuno mokha.

Mathawulo. Sindinathimitse.

Kamtsikana kakukwera. Kudutsa denga, kudutsa mawaya a magetsi, kudutsa mbalame zimene zinakafunsa ngati kali ndi chilolezo. Zopanira zikutha m'thumba. Pamwamba pa mitambo, bwalo. Chingwe chachitali, zovala zoyanika. Mzimayi wapereka msana, akuyanika.

Malaya akuwayanika chotembenuza, kunja mkati, kuti dzuwa lisadye mtundu. Nsalu akuimenya ndi chikhatho asanaipane. Atembenuka, zopanira zili kukamwa, akulankhula osazichotsa, mawu osamveka bwino. Ine ndinamva. "Wadya?"

Mayi wa anawa. Ndi iyeyo. Mutu ngati dzungu, khosi ngati machesi, koma ndi iyeyo. Moni sankaudziwa mkazi ameneyu. Ubwere kumaliro, ubwere kuukwati, ubwere utagwa padenga: "Wadya?" Anatisiya Mzime asanatalike kufika pachingwe. Ntchito ya mwanayo inali kuima pambali ndi kathumba, kumapatsira zopanira. Ine ndinkayesa anali wamng'ono, sakumbuka. Zithunzi zimene tili nazo za mayi ake ndi zoima chilili, manja m'mbali. Izi za kukamwa anazisunga kuti?

Chingwe chija chamangidwa pa chiyani? Sindinafunse. Ndazindikira pano kuti sindinafunse.

Ndipo pansi, nkhalamba ija. Nthawi yonseyo yaima pabwalo, levulo yataya uko, yagwira thawulo loyamba ndi manja awiri. Ikulongolola, "Sizingatheke izi, sizingatheke." Osasiya kugwira. Dzuwa, mvula, mphaka akuikwera, iyo gwi. Mpaka mwana watsika.

Chitsiru cha nkhalamba. Thawulolo silinkafuna kugwiridwa.

Magalasi anachita nkhungu. Nesi andigulire ena, awa ndi achabe.

Lachinayi, 20 Juni

M'mawa ndinamupeza Mzime pachingwe, akuanula malaya abuluu. Anawayanika chotembenuza. 

Ndinangoti makatoni aja akutchinga njira, abweze mapepala kukhoma munthu asanapunthwe. Anati, "Ndiye mwaweruza?" Ndinati ndaweruza kuti ntchitoyo ndi yosatha, ndipo mmisiri sathawa nyumba isanafoleredwe. Mathawulo abwerere, ketulo ilankhule, mphaka apatsidwe nsapato zake. Anafunsa za mzati. Ndinati ndayang'ananso, ulipo, ngakhale ndi wokalamba ndipo umalankhula kwambiri.

Anaseka, kenako analira, kenako anandinyowetsa malaya. Ndinamufunsa ngati wadya. Zinangotuluka.

Chimbudzi chokha ndakana. Chikhale. Pamenepo sindisuntha, ngakhale abwere aphunzitsi a dziko lonse. Wavomera. Akuti nacho achipatsa mawu. Ndamuuza kuti chikalankhula ngati ine, asamuke.

Chisamba ndamuimbira. Anati nanga mawu anga aja? Ndinati ndi omaliza, monga ananenera yekha. Pakauntala apeze wina, malaya abuluu abwere adzatenge. Anati ndakalamba, zidole zandilodza. Mwina. Sanaonere. Iyeyu ndi amene ankabisala kuseri kwa nsalu zoyanika akaswa mbale, tione ngati mimba ija idzabisa nkhope akaonera.

Ndiye ndikunena pang'onopang'ono, foni imve bwino, pasadzapezeke wonena kuti nkhalamba inaiwala. Onse anayi, akazi awo, amuna awo, adzukulu ndi sopo wawo, abwere adzaonere filimu. Wofuna mpando abwere nawo, wanga sukhalidwa. Wina atenge sipanala ya mpopi. Wothimitsa filimu isanathe ndithana naye ndekha.

Pabalaza panga pano, masana, Loweruka pa 29 Juni.