Dzina la a Phiri pamwamba

Lachiwiri, Segwaelane, kuno ku Joni. Kunja fumbi, mtima nawo walemera.

Kwabwera mzungu wa ku tauni ya Brits kudzaona magemu anga akale a pa TV, amene Joni yonse palibe wina ali nawo. Wakonda kagemu ka mpikisano wa magalimoto. Akuti mtengo wake ungagule ng'ombe. Ndati ng'ombe khumi, waseka.

Kenako akuti kabatire kamkati mwa kagemuko katsala pang'ono kutha, ndipo akakasintha, mayina a opambana afufutika. Pamwamba pa mayinawo pali PHIRI, mnzanga wa kumgodi amene tinamuika m'manda chaka chatha. Ine ndili pansi pake. Ndinkauza aliyense kuti ndimawasiyira dala. Bodza, a Phiri ankandichapa.

Ndakana kugulitsa. Koma kabatireko katha ndithu, kaya ndigulitse, kaya ndisagulitse.