Odwala Akumanja

Lachinayi, pa 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ngati anthu akale chonsecho foni ndili nayo. Pafoni simundipatsa mpata. Ndikangoti "achimwene", inu mwayamba kale zoti nditembenuze kamera muone bambo, ndipo bambo nawo akaona nkhope yanu amadzilimbitsa, n'kumwetulira ndi mbali imodzi yawatsalirayo. Inu mumadula foni mtima uli m'malo, ine n'kutsala ndi zoona zake. Lero muwerenge mpaka kumapeto.

Paja munasangalala mutamva kuti bambo awagoneka muwodi yomwe ndimagwira ine, ya anthu ophunziranso kuyenda, m'nyumba yatsopano ija. Munati, "Ndaona zithunzi, imeneyo ndi hotela." Inde achimwene, pazithunzi ndi hotela. Matailosi ake amawala moti ukhoza kupesa tsitsi ukuyang'ana pansi, ndipo amayi okolopa akangodutsa, ngakhale ife a miyendo yabwinobwino timayenda ngati tanyamula mazira. Mabedi ndi okongola koma sakwera, anangowasiya pansipansi, ndiye tsiku lonse timanyamula anthu tili chiweramire. Mnzanga wina amati amene anajambula nyumbayi sanadwalepo ngakhale chimfine.

Zonsezo tikanapirira. Chomwe chandifika pakhosi ndi chitsulo. M'chimbudzi chilichonse cha muwodi mwathu anaika chitsulo pakhoma, choti wodwala azigwira pokhala ndi poimirira. Anachiika mbali imodzi yokha, kudzanja lamanja la munthu amene wakhala pansi. Kumanzere kulibe kanthu. Zimbudzi zonse n'chimodzimodzi, ngati anachita kudinda. Tsono inu mukudziwa kuti sitiroko imapha mbali imodzi ya thupi. Amene yawagwira kumanzere amagwira chitsulocho ndi dzanja lamoyo, amaphunzira, ndipo posakhalitsa timatsanzikana nawo akupita kwawo. Amene yawagwira kumanja amangochiyang'ana. Ife anamwino tinafika pozolowera, moti wodwala watsopano akabwera timafunsana kuti, "Ndi wakumanja kapena wakumanzere?" Akati wakumanja timati, "Basi, ameneyo ndi wathu, tikhala naye." Tinkaseka nazo zimenezi. Ine ndinasiya kuseka tsiku lomwe anabweretsa bambo, chifukwa bambo ndi akumanja.

Mukuwadziwa bambo anu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akusokera anthu masuti, amene sanatulukepo kuchipinda malaya ali osapisira, lero agone pabedi mwana wake wamkazi amuikire bedipani, chiwiya chodzithandiziramo ali chigonere? Tsiku loyamba lomwe anandiuza, mawu akutuluka limodzilimodzi: "Anesi, kathandizeni ena. Ine ndidikira mwamuna." Muwodi amanditchula choncho, Anesi, ngati sitidziwana. Anamwino anzanga aakazi amawakananso, akuti onsewo ndi ana awo. Wamwamuna tili naye mmodzi yekha, timamutcha Chimtali, ndipo Chimtali naye ndi munthu, amaweruka.

Ndiye bambo anapeza nzeru yawoyawo. Anasiya kumwa madzi kuti asamafune kuchimbudzi. Ndinazindikira poona kapu ya tiyi ikubwerera yodzaza.

"Bambo, bwanji simukumwa?"

"Ndilibe ludzu."

"Milomo kung'ambika chonchi, mulibe ludzu?"

"Chimtali abwera liti?"

"Mawa m'mawa."

"Ndimwa mawa m'mawa."

Munthu wosamwa madzi sachita mafizo, achimwene. Akangoima amachita chizungulire. Mayi wa mafizo, amene amawaphunzitsa kuponda, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mwendo wa bambo uli ndi moyo ndithu, koma miyezi yoyambayi ndiye imene munthu amabweza mphamvu. Ikangodutsa ali chigonere, mwendowo udzauma ndipo sadzayendanso. Zimenezo ndimazidziwa, ndakhala ndikuuza abale a odwala mawu omwewo, koma kuwamva akunenera bambo ako zimapweteka mwina.

Ndinapita kwa a Metironi, mkulu wa anamwino, iwo ananditumiza kwa bwana woyang'anira nyumba. Ndinamupeza muofesi yake yozizira bwino, ndipo ndinayankhula mwaulemu monga anatilerera bambo.

"Bwana, tikupempha chitsulo china kumanzere. Ngakhale m'chimbudzi chimodzi chokha."

"Sisita, khoma limenelo sitingaboole. Nyumbayi ikadali m'manja mwa kontirakitala mpaka chaka chithe. Tikaboola ife, mawa likang'aluka adzati ndi ife."

"Ndi timabowo tochepa, bwana. Odwala akugona osachira."

"Lembani pempho, komiti ikaona."

"Komitiyo ikumana liti?"

"Ikakumana mudzamva. Komanso Sisita, nyumbayi inamangidwa moganizira olumala. Simunaone chizindikiro pachitseko?"

Chizindikirocho chilipodi, kamunthu kokhala panjinga ya olumala. Ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti kamunthuko kanafa mbali iti, koma ndinameza mawu poganizira ntchito.

Tsopano ndikuuzeni zomwe sindinakuuzeni pafoni. Lolemba lapitali Chimtali sanabwere, msana wamugwira chifukwa cha mabedi omwe aja. Masana ine ndinali kubafa ndi wodwala wina. Bambo anapirira mpaka analephera. Anadzikokera okha panjinga ija munatumiza, n'kudzikankha ndi phazi lamanzere mpaka kuchimbudzi, n'kutseka chitseko. Kukhala anakhala. Poimirira anapotoloza thupi kuti agwire chitsulo cha kumanja ndi dzanja lamanzere, phazi n'kuterereka pamatailosi. Ndinangomva kuti khu! Ndinathamanga, koma chitseko chake chimatsegukira mkati, ndipo njinga inali itachitchinga.

"Bambo, mwavulala?"

"Usalowe."

"Bambo, ndine nesi, ndi ntchito yanga."

"Sindiwe nesi. Ndiwe mwana wanga. Usalowe."

Ndinalowa, achimwene. Ndikanatani? Amayi okolopa anandithandiza kukankha mpaka panapezeka kampata, ine n'kudzipanikiza pomwepo. Ndinawapeza atagona pakati pa chimbudzi ndi khoma, thalauza lili m'mawondo. Dzanja limodzi lamoyolo sanadziphimbe nalo thupi, anaphimba nkhope. Tinawanyamula awiri, ndinawasambitsa, ndinawaveka. Sanathyoke paliponse, chiuno chokha chatupa pang'ono. Ndanyamula anthu ambiri pantchito imeneyi osagwetsa msozi, koma tsiku limenelo ndinalira, ndipo ndinalirira mukhonde anthu akudutsa, poti nyumba yokongolayi ilibe ngakhale kachipinda koti namwino akabisaleko.

M'mawa mwake bwana uja anabwera yekha, wothamanga, komiti osaidikira. Ndinati mwina tsopano amva. Anabwera ndi pepala lolembedwa kuti odwala asalowe m'chimbudzi okha, n'kulamula kuti aliyense amene wagwapo tizimukwezera zitsulo za m'mbali mwa bedi asamatsike. Pepalalo anachita kumata ndi selotepi, poti khoma saboola. Ndiye taonani, wodi yophunzitsa anthu kuyenda, lamulo lake n'loti anthu asayende. Akumanzere omwe, amene ankadzithandiza okha, tsopano akudikira namwino, ndipo anamwino ake tilipo owerengeka, misana ili yopindika. Ndinakwiya kwambiri.

Kuchokera tsiku limenelo bambo sandiyang'ana. Ndikafika pabedi lawo amatembenukira kukhoma. Madzi akana ndithu, moti adokotala awaika diripi. Mayi wa mafizo akabwera amangomuuza kuti, "Mawa." Pafoni Lachiwiri munafunsa kuti bwanji akuoneka ofooka, ine ndinati ndi tulo. Mundikhululukire, anali pomwepo akumva.

Ndayankhula ndi adokotala ndipo ndaganiza zowatulutsa mwezi uno ukamatha. Zikundichititsa manyazi, ine namwino wa wodi imeneyi kuchotsamo bambo anga kuti akachire, pamene bambo a anthu ena ndikuwasiya momwemo. Koma kunyumba chimbudzi n'chaching'ono, chopanda matailosi, ndipo khoma lake ndi lathu, tikhoza kuliboola mbali yomwe tikufuna. Mayi wa mafizo walonjeza kuti azidutsa akaweruka, atisonyeze zochita. Chatsala n'chimodzi. Mpaka adzathe kuima okha, pafunika munthu wowanyamula, wowasambitsa, wowaperekeza kuchimbudzi, ndipo munthu ameneyo sangakhale ine. Akanakhalapo mayi sindikanakuvutitsani.

Choncho sindikupempha kuti mutumize kanthu. Njinga munatumiza, bulangete munatumiza, zikomo kwambiri. Ndikupempha kuti mubwere. Ndikudziwa kuti tchuthi kumeneko sapereka mwachisawawa, ndikudziwa kuti alamu atsala okha ndi ana, ndipo mwina mundikwiyira kuti mng'onong'ono ngati ine ndikulamula akuluakulu. Kwiyani muli m'njira. Mukati mudikire kumapeto kwa chaka monga munanenera, mudzapeza mwendo utauma, ndipo pamenepo ngakhale titazunguliza nyumba yonse ndi zitsulo sizidzathandiza.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa kukula kwa chimene ndikuwapempha. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake sanamunyamulepo. Chimtali akupereka moni ali chigonere kwawo, akuti mukabwera adzakuphunzitsani kanyamulidwe kosathyola msana, ngakhale iye mwini kanamukanika.

Bambo nawo akupereka moni. Dzulo ndinaima kumbuyo kwawo n'kuwauza kuti ndikulembera achimwene, ndiwauze chiyani? Sanatembenuke, moti ndinayamba kuchoka. Kenako anayankhula ali chiyang'anire kukhoma. Anati, "Umufunse ngati angathe kundinyamula. Umuuze kuti sindikulemeranso."

Ndine mlongo wanu wotopa, koma wokukondani,

Mzime wa bambo