Phini yodukiza ikundiumitsira makina a tchizi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24. Ndimagwira ntchito pakampani yaying'ono yopanga makina owiritsira mkaka wa tchizi. Ndinali kuchipinda choyesa zinthu, koma chaka chino anandikweza kuti ndizilemba madalaivala, mapulogalamu aja olumikizitsa kompyuta ndi tizipangizo take.

Woyamba amene andipatsa ndi wa kachipangizo koyeza kutentha. Mkaka ukatentha mopitirira, kamagwetsa mphamvu ya magetsi paphini yodukiza, kawaya kochenjezera, kuti pulosesa, ubongo wa makinawo, isiye zonse n'kuzimitsa moto. Moto umazimadi, koma kenako makina onse amangoti gwa, mpaka titawazimitsa n'kuwayatsanso. Ndaika mauthenga ambirimbiri m'dalaivalamo kuti ndione chikuchitika, zinthu zangoipiraipira.

Lachisanu kukubwera ogula ochokera ku Smolyan. Bwana anati, "Akakaumanso pamaso pa alendo, ubwerera koyesa zinthu, mwana wanga." Mnzanga Radoslav akuti, "Iwe, ingotseka phiniyo alendo adutse. Ndani angadziwe? Zinazo tidzaona Lolemba."

Amene anapanga bolodi, kathabwa kokhala tizipangizo tamagetsi ta makinawo, ndi a Tsvetan, bambo achikulire osaseka. Tsiku langa loyamba anandifunsa kuti, "Kodi chowotcherera nthambo umadziwa kogwira, kapena uyamba ndi kotenthako?" Chiyambire ndimawazemba. Ntchitoyi ndimaikonda, Aphungu, ndipo ndikuopa kuitaya. Nditseke?

D.K., Plovdiv

Wokondedwa D.K.,

Usatseke. Ndipo pukuta misozi, chifukwa vutoli latigwetsapo ambirife.

Bolodi yako sindinaione, koma ndikukayikira chinthu chimodzi. Tizipangizo tambiri tikagwetsa phini sitiisiya mpaka utatiuza kuti wamva. Kakonso kali ngati mlendo amene wakanikiza belu la pakhomo osachotsapo chala. Iwe, m'dalaivala wakoyo, ukuzimitsa moto n'kutuluka, osakayankha. Phini ikadali pansi, pulosesa ikubwereranso kwa iwe, kutuluka, kubwereranso, moti ntchito zina zonse zaima. Tsegula buku la kachipangizoko upeze rejisita, kamalo kake kosunga manambala, yoyenera kuiwerenga kapena kuilemba kuti kasiye phini. Uonenso ngati unauza pulosesa kuti izimvera kugwa kwa mphamvu kapena kukhalitsa kwake pansi, poti ziwirizi n'zosiyana.

Mauthenga ako aja achotse lero. Pulosesa ikadukizidwa si nthawi yocheza. Ona ngati kuitanako n'kwako, zimitsa moto, yankha kachipangizo, tuluka. Zolembalemba zichitike pambuyo.

Tsono za a Tsvetan. Mawa ugule banitsa wotentha, buledi uja wa tchizi, ukawapeze pa khofi wam'mawa, uwapemphe kuti akuikire osilosikopu, chida choonetsa kukwera ndi kutsika kwa mphamvu ya magetsi, paphinipo. Muone limodzi ngati mphamvu ikubwerera m'mwamba. Akunyogodola, inde. Anthu a mabolodi ndi otero, ine ndinakwatiwa ndi mmodzi. Koma sindinaonepo amene anakana munthu wofuna kuona bolodi yake ndi maso. Amakwiya ndi amene amaiimba mlandu ali chikhalire pampando.

Zikapanda kutheka pofika Lachinayi, uwauze bwana wekha, uwaonetse pamene wafika. Ine ndikuona kuti zitheka.

Chenjezo langa ndi ili. Zimene anzathu amati tidzaona Lolemba zimakwera galimoto n'kupita kwa ogula zili chomwecho. Makina akauma Lachisanu, uchita manyazi, mwina ubwerera koyesa zinthu, ndipo kumeneko ungathe kukweranso. Ukatseka phini ija, tsiku lina mkaka udzawira popanda wozimitsa moto, ndipo pambali pa thanki ya mkakayo padzakhala mayi wina wa ku Smolyan atapinda malaya m'mikono, woti mkakawo umuotche.

Aphungu