Ndibwera Loweruka

Achimwene a Wezi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Boma ntchito ikuyenda, ana nawonso akupereka moni.

Paja mukudziwa kuti adada akhala akundiitana zaka ziwiri kuti akandionetse malire a munda wathu ku Jenda. Yankho langa linali limodzimodzi: "Ndibwera Loweruka." Likafika Lowerukalo, minibasi zinkanyamuka ine ndili kalikiliki kuchapa.

Loweruka lapitali ndinapitadi. Ndinawapeza pakhonde atavala kale nsapato zakumunda. Anandigwira dzanja nati, "Yewo mama, khalani pansi. Ine ndikudikira mwana wanga Lusungu, anati abwera Loweruka."

Ndinawauza kawiri kuti Lusunguyo ndine. Anangomwetulira, maso ali kumsewu.

Achimwene, chonde musadikire Disembala kuti mudzawaone.

Ine mlongo wanu,
Lusungu