Odi wa alamu pakamera

Loweruka. Mvula yagwa tsiku lonse, koma mtima wanga uli mbee.

Ndatha sabata m'fulati yanga yogula ndekha ku Ilford, kuno kudziko la azungu, mumsewu wa zii. Masana belu linalira. Pakasikirini ka pakhoma ndinaona alamu anga, omwe aja ananditayira zovala panja m'majumbo a zinyalala ku Barking amuna awo, achimwene anga, atangomwalira.

Sadziwa kuti pakhomo pali kamera. Anakonza duku, n'kuweramira pabelu mwaulemu: "Odi kuno, alamu."

Kwathu odi amayankhidwa, ngakhale wa mfiti. Ine ndinangokoka mpando n'kumawaonerera akunyowa. Akalamba ndithu. Tiyi amene ndinkamwa atatha ndinathira wina.

Mawa kutchalitchi ndikawafunsa pagulu chifukwa chake sabwera kudzandiona.